Musautikite Mwendowo

Digiri anayamba kuona mwendo asanaone nkhope ya mwini wake.

Anali atangolowa m'shopu, mtolo wa nsalu uli paphewa, ndipo anapeza achemwali ake ali pa makina osokera. Makinawo anali atakhala milungu ingapo ataphimbidwa ndi chinsalu chakale, mwini wake ali chigonere m'chipinda cha kuseri, thupi likutentha ngati simbi yositira. Anali matenda aja amene anabwereranso mumzinda chaka chimenecho: chifuwa chouma, litsipa, mafupa kuphwanya. Tsopano kutentha kunali kutatha, chifuwa chitaleka, ndipo achemwali anali atadzuka ndi ukali wa munthu amene ntchito yamuunjikira.

Koma makinawo ankawaponda ndi phazi limodzi. Mwendo wamanzere anali atautambasulira pambali, nsapato yake ili poteropo.

"Achemwali, mwendowo watani?"

"Wayamba kupereka moni kwa miyendo masiku ano? Tula nsaluzo apo. Ulusi woyera wagula?"

"Ndagula. Mwendowo watani?"

"Ukukoka basi. Munthu ukagonetsa minofu imachita ulesi. Alamu ako akabwera aukonza."

Digiri anatula mtolo. Anagwada ngati akufuna singano yogwa, n'kuyang'anitsitsa. Katumba anali atafufuma, khungu likuwala ngati lapakidwa mafuta, lofiirira. Anaikapo kuseri kwa dzanja: potentha. Anakhudza mwendo winawo: wozizira bwinobwino.

Mwendo wotero anali atauonapo kamodzi.

Dzina lakuti Digiri anam'patsa ndi alamu ake, tsiku limene anatulukira pakhomopo ndi sutikesi, atasiya koleji panjira. Amayi anali atangoikidwa m'manda. Iye anayesa kubwerera kusukulu, koma akatsegula buku zilembo zinkangoyandama, akalowa m'kalasi ankangoona mpando wa amayi. Ndiye anabwera kwa achemwali ake, kudzagona pakati pa mipukutu ya nsalu ndi kumatumidwa ulusi ndi mabatani. "Takulandirani a Digiri," anatero alamu akumulandira sutikesi. "Nanga pepala lake lili m'kati momwemu?" Dzinalo linamata. Linkaluma, koma amene ankalitchula ndi yemwenso ankamuthirira tiyi m'mawa.

Alamuwo anali otikita minofu ku timu ya mpira ya m'deralo. Anyamata a timu ankati munthu ukagwera m'manja mwawo umalira ngati khanda, koma mawa lake umathamanga ngati galu waona mwala. Manja amenewo ndiwo anali chuma chawo, ulemu wawo, ndi njira yawo yokondera anthu. Sankadziwa kunena mawu okoma. Akakukonda ankakugwira phewa n'kunena kuti, "Pali mfundo apa, khala pansi."

Amayi nawo anadwala matenda omwewa atabwera koyamba. Anagona nthawi yaitali, kenaka anachira. Anayamba kudya, kuseka, kukalipira anthu pa zosesa. Chinatsala ndi mwendo umodzi umene unkakoka. Alamu ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kubwalo, kabotolo ka mafuta kali m'thumba, n'kugwada pamapazi pa apongozi awo. Amayi ankatseka maso n'kumati, "Mkamwini uyu ndi mankhwala. Ana obereka ndekhawa angodziwa kudya." Tsiku lina alamu atangotsanzika, amayi anaimirira kuti akatsuke kapu. Anafika pakhomo la khitchini, anagwira pachifuwa, n'kunena liwu limodzi lokha: "Mpweya." Digiri, amene anali patchuthi, ndiye anawawakha.

Kuchipatala anafika mochedwa. Dokotala wake anali mayi wa maso otopa, ndipo anamuitanira pambali Digiri chifukwa ndi yekhayo amene sankalira mokweza. Anamufotokozera mofatsa. Kachilombo kakalowa m'thupi, thupi limamenya nkhondo, ndipo nkhondoyo imatentha mpaka m'kati mwa mitsempha. Makoma a mitsempha amatukusira, magazi amayamba kumata. Wodwala akagona osayendayenda, magazi a m'miyendo amayenda mwaulesi mpaka kuundana. Munthu amaoneka ngati wachira, pamene chibuluma cha magazi chili phee m'mwendo. Chikathothoka chimakwera ndi mtsempha, n'kukatseka m'mapapo.

"Mwendo unatupapo?" anafunsa dokotalayo.

"Unatupa."

"Munauchita chiyani?"

"Tinkautikita."

"Sitingadziwe," anatero dokotala. "Chimatha kuthothoka chokha, popanda woukhudza. Koma mwendo wotero sautikita."

Mawu amenewo Digiri anawameza. Akanawalavula bwanji? Pamaliro alamu analira kuposa ana obereka, bambo wamkulu wa mapewa ngati chitseko, akusisima kuseri kwa nyumba. Digiri anaona zimenezo n'kudziuza kuti manda amodzi akwanira. Anangouza abale kuti magazi anaundana. Za mafuta sananene kwa wina aliyense.

Tsopano anali atagwada pafupi ndi mwendo wina wotupa, m'nyumba ya manja omwewo.

"Achemwali, tiyeni kuchipatala."

"Iwe, ukuiona diresi iyi?" Analoza ndi chibwano nsalu yoyera imene inayala patebulo ponse mpaka pansi. "Ukwati ndi mawa. Mkwatibwi akubwera madzulo kudzayesa. Ndimuuze kuti akalowe m'tchalitchi atavala chinsalu cha pawindo?"

"Akhoza kubwereka."

"Abwereke! Wamuona m'chiuno mwake? Angamubwereke ndani?" Anaseka, n'kuyambanso kuponda makina. "Kuchipatala ndikakhale pamzere tsiku lonse chifukwa cha mwendo wokoka. Ndagona mokwanira ine."

Chitseko cha kuseri chinalira. Kunamveka likhweru, kenaka chikwama chikugwa pansi.

"Odi kuno eni nyumba! Kodi odwala aja athawa pabedi?"

Alamu analowa atavala jekete ya timu, thukuta lili pamphumi. Anali ndi masewero masana omwewo, ndipo anangobwera kudzasintha. Anapsompsona mkazi wawo pamutu, n'kumenya Digiri pamsana mpaka kutsokomola.

"A Digiri, mwagwadiranji? Mukupempha ntchito?"

"Akuti ndipite kuchipatala," anatero achemwali. "Mwendowu ukukoka kuyambira dzana. Taonani inu."

Alamu anawerama, anauyang'ana, n'kugwedeza mutu ngati makaniko amene wamva kale vuto la galimoto isanaime. "Aa, kameneka? Minofu yakwiya. Imeneyi ndi ya kotala ya ola. A Digiri, tatenthetsani madzi."

Digiri sanasunthe.

"Mwamva, bwana? Kapena ku koleji simunafike pa phunziro la ketulo?"

"Alamu, mwendo uwu si wa minofu."

"Ohoo." Alamu anaongoka, akumwetulira. "Mayi, mwamva? Tili ndi dokotala m'nyumba muno ife osadziwa. Timangomutuma mabatani." Anapita okha kukhitchini. Digiri anamva madzi akuthiridwa m'ketulo, kenaka kabati ikutsegulidwa. Ankaidziwa ntchito yonseyo mwa ndondomeko yake: kabotolo ka mafuta kaviikidwe m'madzi otentha, thaulo lipindidwe pawiri, zala zithyoledwe. Ndiye zala zazikulu ziwiri zija zilowe pansi pa katumba, zikwere m'mwamba, kulunjika kumtima. Alamu ankanena okha kuti kutikita kwenikweni n'kokankhira magazi kumtima.

Digiri anayang'ana uku ndi uku ngati khoswe wotsekeredwa. Maso ake anagwera pa tepi yoyezera imene inali m'khosi mwa achemwali. Tepi imeneyo inali itathetsa milandu yambiri m'shopumo. Mayi akabwera n'kumalumbira kuti sananenepe, telala ndiye walakwitsa, achemwali ankangomukulunga nayo m'chiuno n'kumuonetsa nambala. "Pakamwa pamanama, tepi sinama," ankatero.

"Ndibwerekeni tepi."

"Ufuna usoke chiyani?"

"Yezani nokha. Miyendo yonse iwiri, malo amodzimodzi."

Achemwali anamuyang'ana, n'kupumira m'mwamba, koma dzanja la telala silikana kuyeza. Anakulunga tepi pa katumba wakumanja, n'kutsina ndi chikhadabo pamene inakumana. Anaisamutsira kumanzere. Tepi sinakumane. Pakati panatsala mpata wolowa zala ziwiri, mwinanso zitatu.

Anayezanso. Nkhope inasintha pang'ono.

"Bambo," anaitana, mawu atatsika. "Tabwerani muone. Watupadi."

Alamu anatulukira ndi beseni laling'ono, kabotolo kakuyandama m'kati, thaulo lili paphewa. Anasuzumira tepiyo n'kuseka. "Ndiye mwapeza chachilendo? Kutupa ndiye ntchito yangayo. Anyamata amabwera mwendo uli ngati mtsamiro, amachoka akuvina. Madzi angodzaza m'minofu, tiwabalalitse." Anakoka kampando, n'kukhala patsogolo pa mkazi wawo. "Ikani phazi apa."

"Anyamata anuwo amakhala atamenyedwa ndi nsapato," anatero Digiri. "Awa wawamenya ndani? Akhala ali gone. Mwendo umodzi, wotentha, munthu atangochoka m'matenda aja. Alamu, chonde. Akaunike kaye. Akanena kuti ndi minofu, ine ndidzakutenthetserani madzi chaka chonse."

"Ndinayamba kugwira miyendo iwe ukuyamwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye khala uko uphunzire. Mwina ungapeze digiri ina."

Anatsegula kabotolo. Fungo la mafutawo linadzaza m'shopu, lakuthwa, lolasa m'mphuno, ndipo Digiri anapezeka ali m'khitchini ya amayi, kapu ikugubuduka pansi. Alamu anathira mafuta m'chikhatho, anafikisa manja mpaka kulira, n'kunyamula phazi la mkazi wawo mwaulemu, ngati dzira, kuliika pabondo pawo.

Digiri anawagwira pamkono.

Panja galimoto inadutsa ikuliza nyimbo. Alamu anayang'ana dzanja limene linawagwiralo, laling'ono, kenaka anayang'ana mwini wake. Kumwetulira kunali kutachoka.

"Chotsa dzanja."

"Ayi."

"Iwe," anatero achemwali, "wapenga? Awa ndi alamu ako. Ukudya kwa yani?"

"Ndikudziwa kumene ndikudya."

"Mphwanga," anatero alamu mwapansipansi, ndipo kufatsako kunali koopsa kuposa kukalipa, "ndakusunga ngati wobadwa naye. Sindinakufunsepo kanthu. Koma pakati pa ine ndi mkazi wanga usaikepo dzanja. Chotsa."

Anapotoza mkono pang'ono chabe, ndipo mafuta anachita zotsalazo: dzanja la Digiri linaterereka. Zala zazikulu ziwiri zija zinatsikira pa katumba.

"Amayi munawatikitanso chonchi!"

Sanadziwe kuti wakuwa mpaka atamva mawu ake akubwerera kuchokera kukhoma. Zala za alamu zinaima m'malere, zitatsala pang'ono kukhudza khungu.

"Wati chiyani?"

Tsopano panalibenso pobwerera. Mawu amene anawameza kalekale anatuluka ndi minga yake yomwe. Ananena za dokotala wa maso otopa, za mitsempha yotukusira, za magazi omata, za chibuluma chimene chimakhala phee kudikira chochisuntha. Ananena funso limene anafunsidwa, ndi yankho limene anapereka.

"Anati mwendo wotero sautikita. Anati chikathothoka chimathamangira m'mapapo. Amayi anaimirira inu mutangotuluka, alamu. Mafuta anali asanaume."

Mbama inachokera kwa achemwali. Sinali yamphamvu, chifukwa anaimenya atakhala, koma inalira.

"Tseka pakamwa pako! Munthu amene ankadzuka m'mamawa kukagwada pamapazi pa mayi ako, iwe uli m'bulangete! Lero ukuti anawapha?"

"Sindinati anawapha."

"Wanena chiyani nanga? Tuluka! Tuluka m'nyumba mwanga!"

Anachotsa phazi pabondo la amuna awo n'kudzuka mwaukali, mwendo wotupawo n'kuponda pansi mwamphamvu.

"Musaponde! Achemwali, khalani pansi!"

"Undiuze zochita m'shopu mwanga? Ndati tulu..."

Liwulo silinathe. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Dzanja lina linapita m'nthiti, pansi pa bere. Anakoka mpweya, koma unalowa theka, ngati kabati yogwira. Anakokanso. Anatsokomola kamodzi, kouma.

"Palibe kanthu," anatero. "Ndangodzuka msanga. Kampweya chabe."

Alamu anali asanasunthe pakampando paja chiyambire. Manja awo anali m'malere, akuwala ndi mafuta. Koma atamva liwu lakuti mpweya, nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa. Tsiku la amayi lija iwo anali atatsanzika kale, koma nkhaniyo anaimva kambirimbiri pamaliro, ndipo liwu lomaliza la apongozi awo ankalidziwa.

Anadzuka. Beseni linagubuduka, madzi n'kuyenderera mpaka kunsonga ya diresi yoyera.

"Diresi!" anakuwa achemwali.

"Isiye," anatero alamu. Anapukuta manja pa jekete ya timu, kawiri, katatu, mwankhanza ngati agwira chonyansa. Kenaka analowetsa mkono wina kumsana kwa mkazi wawo, wina pansi pa ntchafu, kutali ndi katumba, n'kuwanyamula. "Iwe, thamanga. Takisi."

Digiri anathamanga. Msewu unali wodzaza ndi anthu opita ku mpira, ovala mitundu ya timu, oliza malipenga apulasitiki. Takisi yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri inamudutsa. Yachitatu anaiimira kutsogolo, manja ali m'mwamba, mpaka dalaivala anaponda buleki n'kutulutsa mutu pawindo.

"Ukafuna kufa kafere kwanu, wamva!"

"Wodwala, bwana. Chipatala. Chonde."

Dalaivala anali akadatukwana pamene anaona amene akubwera atanyamula mayi m'manja. Nkhope inamasuka. "Aa! Si adokotala a timu awa? Lowani, lowani, akuluakulu. Nanga lero anyamata awagwira ndani?"

Anawagoneka achemwali kumpando wakumbuyo, msana utatsamira pachifuwa cha amuna awo, mwendo uli pamiyendo ya Digiri. Iye anaufungatira m'mbali osaukhudza, manja ali ngati mpanda, kuti galimoto ikagwa m'dzenje usagunde chitseko.

"Pang'onopang'ono m'mabampu," anatero alamu.

"Koma mwachangu," anatero Digiri.

"Sankhanipo chimodzi, abale anga," anatero dalaivala, koma anayesetsa zonse ziwiri. Pamphambano anakumana ndi chikhamu cha ochemerera chitatseka msewu. Hutala inalira, anthu n'kumangovina kutsogolo kwa galimoto. Wina anasuzumira pawindo, anazindikira jekete, n'kuyamba kuimba dzina la timu akumenya denga.

Digiri ankangoyang'ana chifuwa cha achemwali ake. Chinkakwera, chinkatsika, mofulumira, mosafika pansi. Pamphuno panali timadontho ta thukuta. Maso awo anali otseka.

"Achemwali."

"Ndili moyo," anayankha osatsegula maso. "Usandilankhule."

Dalaivala anatsitsa galasi lonse. "Tapatukani inu! Muli wodwala muno! Mukapha mkazi wa adokotala, osewera anu azikawatikita ndi amanu!" Anthu anaseka, koma anapatuka.

Kuchipatala mzere unali wautali mpaka pakhonde. Alamu anaima pakhomo, mkazi ali m'manja, osadziwa kolowera. Munthu amene ankalamula bwalo lonse ndi likhweru limodzi anangoti kakasi. Digiri ndiye anadutsa anthu onse, akumva kung'ung'udza kumbuyo kwake, mpaka patebulo la namwino.

"Kumzere, achimwene," anatero namwino osadzutsa mutu.

"Angochira kumene matenda a chifuwa aja. Agona milungu. Mwendo umodzi watupa, ukutentha, ndipo tsopano akubanika, m'nthiti mukubaya. Mayi athu anapita chonchi."

Namwino anadzutsa mutu. Anayang'ana kudutsa phewa la Digiri, n'kuona mwendo ukulendewera. Anaimirira, n'kuitana mnzake kuti abweretse bedi la matayala.

"Mwautikita?" anafunsa akukankha bedi.

Digiri anamva alamu akukoka mpweya pambali pake.

"Ayi," anayankha alamu. Mawu anatuluka okhakhala. "Lero ayi."

Chitseko chinatsekeka, iwo n'kutsala panja.

Anakhala pabenchi limodzi, pakati pawo pali malo a munthu wina. Foni ya alamu inalira m'thumba, inaleka, inaliranso. Kubwalo masewero anali atayamba. Iwo sanaigwire. Anali atatambasula manja pamaondo, zikhatho zili m'mwamba, akuziyang'ana. M'mizere ya zikhathozo mafuta anali akuwalabe.

Dzuwa linali litapendeka pamene dokotala anatuluka. Anali mnyamata wamtali, osati mayi uja. Anati aunika mwendo ndipo chibuluma achiona, chachitali, kuseri kwa bondo. Kachidutswa kakang'ono kanali katathothoka kale n'kukafika m'mapapo, n'chifukwa chake ankabanika, koma kanali kakang'ono. Awabaya jakisoni woletsa magazi kupitiriza kuundana, awapatsa mpweya, ndipo agonekedwa masiku angapo. Akatuluka adzamwa mankhwala kwa miyezi.

"Chachikulucho chikanapita chonse, bwenzi tikukamba zina," anatero. "Matenda amenewa amatero. Munthu amaoneka wachira, koma m'mitsempha moto usanazime. Mwachita bwino kubwera nawo msanga."

Atachoka, alamu anakhalanso pansi.

"Dokotala wa amayi uja. Ananena kuti chiyani kwenikweni? Mawu ake enieni."

"Anati sitingadziwe. Anati chimatha kuthothoka chokha."

"Koma mwendo wotero sautikita."

"Eya."

"Ndiye sitidzadziwa."

"Sitidzadziwa."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Digiri ankayembekezera kulira, kapena chibakera. Chimene chinabwera sanachiyembekezere.

"Nthawi yonseyi ukundiona ndikutuluka ndi chikwama m'mawa. Ukudziwa kuti ndagwira miyendo ingati chiikireni amayi? Theka la timu linadwala matenda amenewa. Amabwera kwa ine akuti katumba akukoka, ine n'kumakankha ndi mphamvu zanga zonse." Anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba. Maso anali ofiira. "Unkandimvera chisoni?"

"Munalira kwambiri, alamu."

"Ndikanalira kawiri. Kulira sikupha munthu."

Digiri ankayesa kuti chinsinsi chija chinkapweteka iye yekha.

Alamu anatulutsa foni. Sanayang'ane za masewero. Anafufuza nambala, n'kuiika kukhutu. "Goloboyi, ndine. Ayi, zigoli sindikufuna kumva. Mwendo uja unkati ukukoka, uli bwanji? Wayamba utachira chifuwa, eti? Tamvera. Mawa usabwere kwa ine. Upite kuchipatala akauunike. Ndati usabwere. Ukabwera ndikuthamangitsa."

Namwino anawalola kulowa mmodzimmodzi. Alamu analowa koyamba, anakhalitsa, n'kutuluka akupukuta kumaso ndi jekete. Kenaka Digiri.

Achemwali anali atatsamira mitsamiro, timachubu ta mpweya tili m'mphuno, mwendo atauika pamwamba. Tepi yoyezera inali ikadali m'khosi, palibe anakumbuka kuichotsa. Sanamuyang'ane. Ankayang'ana kudenga.

"Diresi yanyowa pati?"

"Kunsonga kokha."

"Madziwo anali ndi mafuta?"

"Pang'ono."

"Mxii. Ukaithire ufa wodzoza makanda uja uli m'dirowa, usaipukute, ungouwaza. Ukauze mkwatibwi abwere nayo kuno mawa m'mawa, pamodzi ndi singano ndi ulusi wagula uja. Watsala ndi mpendero wokha. Manja sanatupe."

"Akulolani?"

"Adzandiletse ndi jakisoni wawoyo." Anatembenuza mutu, n'kuyang'ana tsaya limene analimenya. Anatambasula dzanja, Digiri n'kuwerama, akuyesa kuti akufuna kumunong'oneza kanthu. Iwo anangoika chikhatho patsayapo, kanthawi kochepa, n'kuchichotsa.

"Amayi anamva kuwawa?"

"Sizinatenge nthawi."

"Unali wekha."

"Ndinali nawo."

Achemwali anatseka maso. Msozi unatsika n'kukalowa m'khutu. "Pita. Usawasiye okha alamu ako."

Anawapeza panja, pampopi wa pakhonde, akusamba m'manja ndi kasopo kamene wina anasiya. Anasamba, anatsukuluza, ananunkhiza, n'kuyambiranso. Digiri anaima pambali kudikira. Pomaliza alamu anatseka mpopi, n'kukutumula manja.

"Tiyeni, alamu," anatero kwa Digiri. "Shopu tinaisiya yosatseka."

Ananyamuka. Njira yonse Digiri ankadikira nthabwala, ngakhale imodzi, ya ketulo kapena ya mabatani. Ankadikira dzina lija limene linkamuluma tsiku ndi tsiku. Silinabwere. Alamu ankayenda patsogolo pang'ono, manja ali m'matumba a jekete, ndipo pamphambano anaima kuti galimoto zidutse, n'kunena mwaulemu, ngati kwa mlendo, "Samalani, alamu."

M'shopu anapeza madzi atauma okha pansi. Kabotolo kanali katagubudukira kunsi kwa makina. Digiri anakatola, osadziwa kokaika, n'kukaimika pawindo. Alamu ananyamula nsonga ya diresi, n'kuitambasula pakuwala ndi zala zawo zazikulu zija, mosamala, pamene iye ankawaza ufa pabanga la mafuta.